Khoma ndilione kaye

Kapepalako n'kong'amba ku thumba la simenti, kolembedwa ndi pensulo yosongola ndi mpeni. Achemwali anga a ku Area 23 anandionetsa akudandaula kuti akalipentala akuzemba ntchito. Iwo ankafuna thebulo lomwerapo tiyi lokhomera pakhoma la kukhitchini, lopanda miyendo, ngati lomwe analiona pa Facebook, kuti pansi pake pazikhala ndowa ndi mbaula. Yankho la amisiri linali ili:

"Amayi, thabwa la paini limodzi, mainchesi 16. Mabulaketi atatu a angle iron, owotcherera. Mabawuti 6. Khoma ndilione kaye. Likakhala la dothi, tiika mwendo."

Ine nditawerenga kawiri sindinaonemo ulesi. Munthu wolemba chonchi anagwetsapo shelefu, ndipo sanaiwale.

Tiyambe ndi mainchesi 16 aja. Achemwali anapempha mafiti awiri, amisiri n'kudula mwakachetechete, osafotokoza. Aliyense amene anatungapo madzi akudziwa chifukwa chake: ndowa ukainyamula pafupi ndi thupi umayenda nayo, koma ukatambasula mkono phewa limalira. Thabwa lopanda miyendo ndi mkono wotambasula. Tiyerekeze kuti mbali ya bulaketi yogona pakhoma ndi masentimita 20, ndipo wina waika ndowa ya malita 20 kumapeto kwenikweni kwa thabwa. Thabwalo likakhala la masentimita 40, omwe ndi mainchesi 16 aja, mabawuti am'mwamba amakokedwa ngati pakolekedwa makilogalamu 40. Likakhala la mafiti awiri, kukokako kumafika 60. Apo sitinawerengere mwana wokwerapo kuti afikire shuga. Paini nayenso sanasankhidwe mwangozi: matabwa ngati a ku Chikangawa aja ndi opepuka, pomwe mlombwa, kukongola konseko, umayamba kulemetsa khoma usanaikepo ndi kapu yomwe.

Mawu oti "owotcherera" aikidwa kumapeto, paokha, ngati munthu wakweza chala. Akukana timabulaketi topyapyala ta m'sitolo, toyenera shelefu ya mabotolo a mafuta odzola. Akufuna chitsulo chimene owotcherera a ku Mchesi amachiika kachitsulo kopingasa, kuti chikhale cha ngodya zitatu, chosapindika. Ndipo walemba mabawuti, awiri pa bulaketi iliyonse, osati misomali. Kumunsi bulaketi imangokankha khoma. Bawuti ya m'mwamba ndiyo ikulimbana ndi kuzuka. Msomali wa konkire ndi wabwino pokolekera kalendala, basi.

Mpaka apa kapepalako kalibe mneni ndi mmodzi yemwe wolamula kapena wolonjeza. Ndi mndandanda wa zogula, zinthu zamtengo wake. Kenaka mwadzidzidzi munthu akutulukira: "ndilione". Sanalembe kuti "ndidzaliona", zomwe zikanakhala lonjezo lotha kuiwalika. "Ndilione" ndi pempho, koma pempho la munthu amene sagwira chida asanaloledwe zimene wapemphazo. Ndiye pali "kaye". Kamawu kameneka timakagwiritsa ntchito poletsa mwaulemu: dikirani kaye, idyani kaye. Apa kakubweza mndandanda wonse m'mbuyo. Zimene zalembedwa poyamba ndi zomaliza kugula.

N'chifukwa chiyani kalipentala, munthu wa matabwa, akudera nkhawa ntchito ya mmisiri womanga? Chifukwa thebulo lopanda miyendo lili nawo mwendo, ndipo mwendowo ndi khoma. Tsono makoma a m'makomboni athu amabisa zambiri. Pulasitala ndi penti zimafananitsa nyumba zonse, koma kuseri kwake ku Chinsapo kapena ku Mgona ungapeze zidina, njerwa zosawotcha. Kwina, ku Kawale kapena ku Biwi, ungapeze njerwa zowotcha bwino koma zomangidwa ndi matope m'malo mwa simenti. Makoma ogawa zipinda nthawi zambiri amakhala a njerwa imodzi yogona m'litali, masentimita 11 kapena 12 okha kunenepa kwake. Palinso mabuloko a simenti, omwe achuluka chikhazikitsireni boma malamulo a 2018 oletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. Amenewa ali ndi mphako, ndipo bawuti yotambasuka m'kati imatha kusowa chogwira. Ena mwa makoma amenewa ali ndi mankhwala ake. Pa njerwa yolimba amaboola pakati pa njerwayo, osati pamzere wolumikizira. Pa khoma lopyapyala bawuti imapyola mpaka kuseri, n'kumangidwa pa chitsulo chafulati. Pa zidina palibe mankhwala.

Chiganizo chomaliza ndicho chimandisangalatsa. "Ndi-" uja wasanduka "ti-": kuona khoma ndi kwa iye yekha, koma kugonja n'kwa onse awiri. Ndi ulemu wochenjera, woti amayi asamve ngati alandidwa maloto awo. Komabe "tiika" si "tingaike". Palibe zokambirana. Ndipo nzeru yake ndi yoona: kutsogolo kukakhala mwendo, khoma limasiya kukokedwa, limangosenza kulemera kotsika pansi, zomwe ngakhale khoma lofooka limapirira bwinoko.

Kapepalaka sikopanda chilema. "La dothi" akusakaniza zidina ndi njerwa zowotcha zomangira matope, pamene ziwirizi sizifanana mphamvu. Chachikulu, mulibe alandilodi. Achemwali ndi alendi, ndipo mabowo asanu ndi limodzi pakhoma la eni ake ndi nkhani yotha kukutulutsitsa m'nyumba mwezi usanathe. Mwina amisiri anaona kuti zimenezo si za pensulo yawo.

Anabwera Loweruka m'mawa, opanda thabwa, atangotenga msomali wa mainchesi anayi ndi hamala. Anagogoda khoma malo atatu akumvetsera, kenaka anapala pulasitala pang'ono kuseri kwa chitseko. Msomali unalowa pakati pa njerwa popanda kumenya, ndipo pansi panathothokera fumbi lofiira. "Mwaona, amayi?" Achemwali sanayankhe, anangopita kukatereka tiyi.

Thebulolo lilipo lero, mainchesi 16, ndi mwendo umodzi wa paini pakati. Ndowa imakhala kumanzere kwa mwendowo, mbaula kumanja.