Golide "Woyera" ndi Manambala a M'kati mwa Mphete

Ogulitsa mphete, ndolo ndi matcheni pa Boma ku Mchinji ndi m'misika yoyandikira chipata cha Mwami, pomwe katundu amalowera kuchokera ku Chipata ndi ku Lusaka, amatamanda malonda awo ndi mawu atatu: "golide weniweni", "golide woyera" ndi "orijino". Mawu onsewa amagawa golide pawiri, woona ndi wabodza. Koma chidindo cha m'kati mwa mphete chimayankha funso lina, lakuti golideyo ndi wochuluka bwanji.

Golide payekha ndi wofewa, ndipo mphete yake sichedwa kupindika. N'chifukwa chake amisiri amamusakaniza ndi mkuwa, siliva kapena zitsulo zina. Kuchuluka kwake kumalembedwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya makarati, yomwe imagawa chitsulo m'magawo 24: chidindo cha 18K chitanthauza kuti magawo 18 ndi golide, magawo 6 ndi zitsulo zina. Yachiwiri imawerenga pa 1,000. Motero 375 ndi makarati 9. 585 ndi makarati 14. 750 ndi makarati 18. 916 ndi makarati 22. Ndipo 999 ndi makarati 24. Ku South Africa mphete zambiri zaukwati ndi za 375, pamene ku Dubai ndi ku India anthu amakonda 916.

Titenge mphete ziwiri zolemera magalamu 4 iliyonse. Ya 375 ili ndi golide wa galamu imodzi ndi theka. Ya 750 ili ndi magalamu 3. Wogulitsa akatchula zonse ziwiri kuti ndi "golide weniweni" sananame, koma wogula amene walipira mtengo wa yachiwiri n'kupatsidwa yoyamba wataya theka la golide wake. Adzadziwa tsiku lomwe adzafune kuigulitsa kapena kuipereka chikole. Apa m'pamene mawu akuti "weniweni" akulepherera: alibe mlingo.

Mawu akuti "woyera" ndiwo osokoneza koposa. M'Chichewa kuyera ndi mtundu, monga wa ufa, komanso ndi kusakhala ndi litsiro. Tsono kuli golide wooneka ngati siliva, yemwe amapangidwa posakaniza golide ndi paladiyamu kapena nikelo, ndipo kawirikawiri chidindo chake ndi 750, 585 kapena 375. Ameneyu ndi woyera pa maonekedwe koma ndi wosakaniza, pamene wa 999 ndi wachikasu kwambiri. Liwu limodzi silingasenze matanthauzo awiri otsutsana pa malonda a ndalama zambiri chotere.

"Orijino" sanenapo kanthu za chitsulo. Wogula ayang'ane ngati pali zilembo GP kapena GF pambali pa nambala. Zilembozi zikusonyeza kuti golide ali pamwamba pokha ndipo m'kati muli chitsulo china: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nalo liwu lakuti "karati" lifunika kusamala. Pa miyala yamtengo wapatali karati ndi kulemera, mamiligalamu 200. Pa golide ndi gawo limodzi mwa magawo 24. Omasulira nkhani za migodi, zomwe zachuluka chiyambire 2021 pamene Reserve Bank of Malawi idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono, azilekanitsa "karati ya kulemera" ndi "karati ya mlingo wa golide".

Maganizo athu ndi akuti tikhazikitse mawu anayi. Wa 999 akhale "golide wosasakaniza". Wa 916 kutsika mpaka 375 akhale "golide wosakaniza", ndipo nambala yake izitchulidwa nthawi zonse. Za GP ndi GF zikhale "zokutidwa ndi golide". Wooneka ngati siliva akhale "golide wamtundu woyera". Nambala yeniyeniyo tiitche "chidindo cha mlingo".

Tikumbukirenso kuti aliyense atha kudinda nambala. Ku England lamulo loyesa zitsulozi lidayamba mu 1300, ndipo kuyambira 1478 zinkayesedwa ndi kudindidwa ku Goldsmiths' Hall mu mzinda wa London, kuti chidindo chisamaikidwe ndi wogulitsa yekha. Mawu abwino sangalowe m'malo mwa kuyesa kotere. Komabe wogula wodziwa kufunsa kuti "Kodi ndi wa mlingo wanji?" savuta kumuteteza, ndipo angathe kupempha kuti nambalayo ilembedwe pa lisiti.