Sony ZV-E10: Ganizani Musanagule

Inu acinyamata amene mukusonkha ndalama zogulira kamera ya gulu lanu, mwina mwamva za Sony ZV-E10, imene inatuluka mu 2021. Ndi yaing'ono ndi yopepuka cifukwa ilibe kalilole mkati monga makamera akuluakulu aja. Potenga vidiyo imatsatira diso la munthu osalitaya. Pojambula kwaya ndiye muikonda: ili ndi pobaya maikolofoni ndi mahedifoni, motero mumamva mau pamene mukujambula.

Koma eni ake anaimana zinthu ziwiri. Ilibe kaboo kosuzumiramo, mumadalira sikirini cabe. Tayesani kujambula ukwati panja, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, muone ngati nkhope ya mkwatibwi muiona! Cina, ilibe coletsa kugwedezeka m'thupi mwake. Mukamayenda nayo m'manja vidiyo imanjenjemera, ndipo mukayatsa Active kuti ikhazikike, cithunzi cimadulidwa m'mbali, oimba a kumapeto n'kusowa.

Ngati muigula, muwerengeretu ndalama ya coikapo ca miyendo itatu ndi batire yaciwiri. Amene mufuna makamaka zithunzi za panja, yang'anani Canon EOS R50 ya mu 2023, imene kosuzumiramo ili nako.