Mutu ukakula sulewa nkhonya, nanga ngwazi zikulewa bwanji?

Aliyense amene anakhalapo pa benchi m'nyumba yoonetsera kanema ku Ndirande kapena ku Bangwe usiku wa nkhonya zikuluzikulu akudziwa madandaulo awiri amene amamveka anthu akamatuluka. Loyamba ndi la munthu amene walipira pakhomo, wadikira mpaka pakati pa usiku, koma asanakhazikike n'komwe wina wagwa kale m'raundi yachiwiri. Lachiwiri ndi la amene wapirira maraundi onse 12 akuonerera amuna awiri amatupi akuluakulu akungokumbatirana ngati abale amene akumana pa depoti ya Wenela atasiyana zaka zambiri. Woyambayo amati ndalama yake yalowa m'madzi chifukwa nkhonya zatha msanga, winayo amati yalowa m'madzi chifukwa zachedwa kutha. Ife tikuona kuti awiriwa akulira maliro amodzi: onse analowa m'nyumbamo akudziwa kale amene apambane.

Inu a kunyanja mukudziwa bwino za bawo. Katswiri wa bawo amene amangosewera ndi ana sakopa anthu pansi pa mtengo wa mango, ngakhale atawadya nkhomo zonse tsiku lililonse. Anthu amaunjikana pamene akatswiri awiri akumana, dzanja la aliyense likuchedwa pamwamba pa bawolo chifukwa choopa kulakwitsa. Chokoma chili m'kukayikako. Nkhonya nazo n'chimodzimodzi, makamaka za gulu la anthu olemera koposa, limene pa kanema amalitchula kuti heavyweight, la amuna opitirira makilogalamu 90.

Chitsanzo chimene ambiri a ife tinachiona ndi maso athu ndi cha Wladimir Klitschko wa ku Ukraine. Iye anatenga lamba mu 2006 atagonjetsa Chris Byrd, ndipo sanagonjenso mpaka mu November 2015 pamene Tyson Fury anamulanda malamba ku Düsseldorf. Zaka zoposa zisanu ndi zinayi munthu ali pampando. Luso anali nalo, palibe angatsutse. Anali wamtali pafupifupi mamita awiri, ndipo ankagwiritsa ntchito dzanja lamanzere ngati mtengo wotchingira mbuzi: mdani akafuna kuyandikira, amakumana nalo kumaso, akakwanitsa kulowa mkati, Klitschko amamukumbatira n'kumutsamira ndi thupi lonse mpaka woimbira awalekanitse. Njira imeneyi inali yanzeru, koma yogonetsa tulo. Mu February 2008 ku Madison Square Garden, pamene ankamenyana ndi Sultan Ibragimov, oonerera anafika powakuwiza onse awiri. Za mu 2013 ku Moscow, pamene anakumana ndi Alexander Povetkin, zimakumbukiridwa chifukwa cha kukumbatirana kosatha osati nkhonya.

Koma chimene chinapha nyengo imeneyo si dzanja lamanzere la Klitschko. Munthu mmodzi yekha amene akanamugwedeza zenizeni anali mkulu wake, Vitali, amene anali ndi lamba wa WBC kuyambira mu 2008 mpaka 2013. Abale awiriwa analonjeza mayi awo kuti sadzamenyana, ndipo anasunga lonjezolo. Pa ichi sitingawadzudzule. Ndi mwana uti wolongosoka amene angathyole mphuno ya mbale wake mayi akuonerera? Komabe zotsatira zake zinali zakuti kwa zaka zisanu akatswiri awiri oposa onse padziko sankakumana, ndipo ena onse ankangobwera pamzere kudzalandira malipiro ndi zibakera.

Vutoli silinayambe ndi iwo. Joe Louis anakhala ngwazi kuyambira mu 1937 mpaka 1949, nateteza lamba wake ka 25, ndipo atolankhani a nthawiyo ankaseka ena mwa adani ake kuti ndi anthu wamba ongotoledwa mwezi ndi mwezi. Mike Tyson, amene matepi ake a vidiyo anazungulira m'matauni mwathu tisanakhale n'komwe ndi wailesi yakanema yathuyathu, anamaliza Michael Spinks m'masekondi 91 mu June 1988. Achinyamata a nthawiyo ankakonda zimenezi, ndipo sitikana kuti zinali zochititsa nthumanzi. Koma funsani wa zaka makumi asanu aliyense ku Chilomoni kuti ndi nkhonya ziti za Tyson zimene amazikambabe. Adzatchula za ku Tokyo mu February 1990, pamene Buster Douglas, munthu amene aliyense ankamuyesa nyama yophaipha, anamugwetsa m'raundi ya 10.

Apa ndi pamene dzina la Muhammad Ali limasiyana ndi ena. M'makomo mwathu ambiri timamukonda pa zifukwa zoposa nkhonya, poti anavomera kulandidwa lamba mu 1967 m'malo mopita kunkhondo ya ku Vietnam imene chikhulupiriro chake chinkaikana. Koma ngakhale titangoyang'ana za m'bwalo, ukulu wake unamangidwa ndi adani ake. Joe Frazier anamugonjetsa mu March 1971. Ken Norton anamuthyola chibwano mu 1973. Pamene ankapita ku Kinshasa kukakumana ndi George Foreman pa 30 October 1974, ambiri ankamuopera moyo, chifukwa Foreman anali ataswa Frazier ndi Norton yemwe m'maraundi awiri aliyense. Ali anagonja kasanu pa moyo wake wa nkhonya. Lero munthu wogonja kasanu amamuona ngati katundu wowonongeka, chonsecho palibe mwa osagonja a masiku ano amene dzina lake limatchulidwa kuyambira ku Makanjira mpaka ku Machinjiri ngati la Ali.

Nanga chinasintha n'chiyani? Malamba anachuluka. Mabungwe akuluakulu alipo anayi, WBA, WBC, IBF ndi WBO, ndipo lililonse lili ndi ngwazi yake komanso limadula gawo lake pa ndalama za mpikisano uliwonse wa lamba. Atambala anayi angathe kulira aliyense m'khola lake kwa zaka osakumana. Kuyambira pamene Lennox Lewis anasonkhanitsa malamba mu 1999, dziko linadikira zaka pafupifupi 25 kuti lionenso ngwazi imodzi yosatsutsika m'gululi. Chachiwiri ndi malonda a mbiri yosagonja. Wokonza nkhonya akapeza mnyamata waluso, amamusankhira adani ofooka khumi, makumi awiri, kuti chiwerengero chioneke chokongola pa chikwangwani. Makolo anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Masiku ano mutu ukakula umalemba ntchito anthu oti aziulewetsa.

Adani ofookawo sagwa kumwamba. Ambiri amachokera kumayiko osauka ngati lathu, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza pakhungu. Kuno amuna a makilogalamu oposa 90 amene amaponya nkhonya ndi ochepa kwambiri, kotero akatswiri athu amapezeka m'magulu opepukirapo, koma msika wake ndi womwewo. Mnyamata amene amakonzekera pomenya thumba la mchenga lopachikidwa pa mtengo, m'mawa atadya chinangwa ndi tiyi, amaitanidwa kunja kukakumana ndi mnzake amene wakhala miyezi ali ndi mphunzitsi, dokotala ndi chakudya choyenera. Oitanawo sakumufunira kuti akapambane. Akufuna dzina lina lowonjezera pa mndandanda wa mwana wawo. Mnyamatayo amavomera chifukwa ndalama ya ulendo umodzi ikhoza kulipira lendi ya miyezi ingapo ku Zingwangwa. Nafenso tikamakonza zathu kuno, si kawirikawiri kodi pamene chikwangwani chimalonjeza mlendo woopsa wochokera kudziko loyandikana nalo, koma mlendoyo akungofuna pogwera m'raundi yoyamba?

Kusiyana mphamvu kotereku sikungobera woonerera, kumavulaza. Ubongo umene wagwedezeka suchira ngati chilonda cha pamwendo. Mashehe athu ambiri sagwirizana ndi masewerawa chifukwa cha chiletso cha kumenya munthu kumaso, ndipo nkhani imeneyo tiwasiyire iwo. Koma ngakhale amene amawakonda ayenera kuvomereza kuti mpikisano wa anthu osalingana suli masewero ayi, ndi kumenya munthu kolipiritsa pakhomo. Bungwe la Malawi Professional Boxing Control Board, limene limaloleza mipikisano ndi maulendo a oponya nkhonya, ndilo lili ndi mphamvu yofunsa lisanadinde chikalata: kodi awiriwa akulingana, ndipo uyu anamenyedwa komaliza liti?

Chodabwitsa n'chakuti Amalawi amene anatipatsa ulemu waukulu m'masewerawa anachita zosiyana ndi kulewa. Drake Thadzi, amene anaimirira dziko lino pa masewero a Olympics a mu 1984 ku Los Angeles, anakumana ndi James Toney mu May 1997 ku America. Toney anali kale dzina lalikulu, Thadzi ankaonedwa ngati wongodutsa, koma oweruza anapereka chipambano kwa Mmalawiyo. Isaac Chilemba, wobadwira mu Blantyre mu 1987 ndipo anakakhwimira ku Johannesburg, anapita kulikonse kumene kunali munthu woopsa. Anafanana mphamvu ndi Tony Bellew ku England mu 2013 asanagonje pa ulendo wachiwiri. Mu July 2016 anamutsatira Sergey Kovalev kwawo ku Russia, pa nthawi imene Kovalev ankagwetsa pafupifupi aliyense. Anagwa m'raundi ya 7, nadzuka, namaliza maraundi onse 12. Mu 2018 anamalizanso maraundi 12 ndi Dmitry Bivol. Malamba akuluakuluwo sanawatenge, ndipo ena ankati kamenyedwe kake n'kozemba kwambiri, kosasangalatsa. Ife tikuti kuzemba nkhonya m'bwalo ndi luso, ndipo n'kosiyana kutalitali ndi kuzemba mdani pa tebulo la mgwirizano.

Apa tiyenera kudzidzudzula tokha oonerera. Timati tikufuna mpikisano weniweni, koma chimene timachiimbira m'manja ndi kugwa kwa munthu. Wokonza nkhonya amadziwa kuti njira yachidule yotipatsa kugwako ndi kubweretsa wofooka. Ngakhale ku mpira timatero: pamene Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira mu 2018 mpaka 2023, ku Ndirande kunali chisangalalo, koma masewero amene ankadzaza Kamuzu Stadium ndi aja okumana ndi Wanderers, amene palibe ankadziwa mathero ake.

Ndalama za ku Saudi Arabia zasonyeza mbali zonse ziwiri. Ku Riyadh komweko, mu October 2023, Fury anakumana ndi Francis Ngannou wa ku Cameroon, katswiri wa ndewu za mtundu wina amene anali asanamenyepo nkhonya zolipidwa. Zinakonzedwa ngati chionetsero chabe, ndipo zinakoma mwangozi pamene Ngannou anagwetsa Fury m'raundi yachitatu. Pasanathe miyezi isanu, Anthony Joshua anamugoneka Ngannou m'raundi yachiwiri m'njira yochititsa mantha, ndipo tonse tinakumbukira chimene chimachitikira mlendo m'ntchito ya eni. Koma ku Riyadh komwekonso, pa 18 May 2024, Oleksandr Usyk anakumana ndi Fury, onse asanagonjepo, malamba onse anayi ali patebulo. Usyk anali wamng'ono thupi, anaoneka ngati akutsalira pakati pa mpikisano, kenaka m'raundi ya 9 anamuzunguza Fury mpaka zingwe zokha ndizo zinamugwira. Oweruza anagawanika, awiri kwa mmodzi. Palibe amene anafunsa za ndalama yake ya pakhomo usiku umenewo. Za Tyson wa zaka 58 kukwezedwa m'bwalo ndi Jake Paul mu November chaka chomwecho, ndi bwino tingozidutsa.

Klitschko mwiniwake anapeza mochedwa chimene chinamusowa m'zaka zake zonse za ufumu. Pa 29 April 2017, ali ndi zaka 41 ndipo alibe lamba, analowa mu Wembley pamaso pa anthu 90,000 kukakumana ndi Joshua. Anagwa m'raundi yachisanu, nadzuka n'kumugwetsa Joshua m'raundi yotsatira, ndipo kwa maraundi angapo zinkaoneka kuti mkuluyo apambana, mpaka woimbira anaimitsa nkhonyazo m'raundi ya 11. Anateteza malamba ake ka 18 motsatizana, koma mukafunsa pa mabenchi a ku Bangwe za Klitschko, adzakusimbirani za usiku umene anagonja.