Malire a Maiko ndi Kasanjidwe ka Masamba a Cinyanja pa Makina Ofufuzira

1. Mau Oyamba

M'nkhani ino tifuna kusanthula njira imene makina ofufuzira pa intaneti, makamaka Google, amatsata posanja masamba molingana ndi dziko limene wofufuzayo ali. Mfundo yathu ndi yakuti njirayi imatenga malire a dziko ngati malire a owerenga, ndipo ganizo lotere silikwanira pa Cinyanja, cinenero colankhulidwa m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique.

2. Mmene Makinawa Amadziwira Dziko

Cizindikiro camphamvu cosonyeza dziko la tsamba ndi zilembo zakumapeto kwa adiresi yake: .zm ndi ya Zambia, imene imayang'aniridwa ndi bungwe la ZICTA, pamene .mw ndi ya Malawi. Kumbali ya wofufuza, kuyambira mu Okutobala 2017 Google inayamba kupereka zotsatira molingana ndi malo amene foni kapena kompyuta ili, osatinso adiresi ya Google imene munthu walemba. Mu 2022 inacotsanso m'dongosolo la Search Console cida cimene eni masamba ankasankhira dziko lolunjikapo. Motero makina ndiwo amagamula kuti tsamba ndi la anthu ati.

3. Vuto Loyamba: Kugawa Anthu Amodzi

Mphunzitsi wa ku Chipata ndi mnzake wa ku Mchinji amalekanitsidwa ndi cipata ca Mwami cokha, ndipo amamvana popanda womasulira. Koma kwa makina ofufuzira awa ndi anthu a misika iwiri. Tsamba lofotokoza mwambo wa Kulamba, umene umacitikira ku Mkaika m'boma la Katete, likakhala pa .zm limawerengedwa ngati la Zambia, ngakhale kuti Acewa a maiko atatu ndiwo amasonkhana kumeneko kukalamba Kalonga Gawa Undi. Cimodzimodzinso nkhani ya Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi cuma ca maiko onse atatu pamodzi. Njira yosanja imene ingathandize munthu wofuna sitolo yapafupi imasanduka mpanda pamene cofunidwa ndi cidziwitso ca cinenero ndi cikhalidwe.

4. Vuto Laciwiri: Kuphimba Kusiyana kwa Kalembedwe

Pamene malire amagawa olankhula, dzina la cinenero limaphimba kusiyana kumene kulipo. Dziko la Malawi linasintha dzina la Cinyanja kukhala Chichewa mu 1968, ndipo Zambia inakhazikitsa kalembedwe kake kovomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro mu 1977. Ife timalemba "cifukwa" ndi "nchito", anzathu amalemba "chifukwa" ndi "ntchito". Komabe m'ndondomeko ya ISO 639-1 zonsezi zili ndi cizindikiro cimodzi, "ny", ndipo pamene Google Translate inalandira cineneroci mu Disembala 2014, inacichula Chichewa n'kutsata kalembedwe ka ku Malawi.

Google imanena yokha kuti imazindikira cinenero ca tsamba poyang'ana mau olembedwamo. Apa ndipo pali nkhawa yathu: kalembedwe kamene kali ndi zolembedwa zambiri ndiko kamaoneka ngati kolondola, ndipo kenako kangayambe kuoneka ngati kolakwika. Wophunzira wa ku Lusaka amene amaona "ch" nthawi zonse pamwamba pa zotsatira adzayamba kukayikira buku lake la kusukulu. Umu ndi mmene kasanjidwe ka masamba kangasinthire kalembedwe popanda komiti ya akatswiri kukhalapo pansi.

5. Zoyenera Kucita

Sitikunena kuti njirayi ilibe phindu, ndipo mpata woikonza ulipo. Mu 2011 Google inayambitsa cizindikiro ca hreflang, cimene cimalola mwini tsamba kusonyeza cinenero pamodzi ndi dziko. Motero dipatimenti kapena wofalitsa mabuku angakonze tsamba m'makalembedwe awiri, lina ny-ZM, lina ny-MW, n'kuwalumikiza kuti aliyense alandire lake. Ndi bwinonso kuika maina onse awiri, Cinyanja ndi Chichewa, pa mitu ya zolembedwa zathu.

Tiyenera kuonjezapo kuti mwayi uwu ndi wa Cinyanja cokha. Google imalandira zizindikiro za ISO 639-1 zokha pa hreflang, ndipo mwa zinenero 7 za m'zigawo zimene boma la Zambia linavomereza, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale zilibe cizindikiro ca zilembo ziwiri.

6. Mau Omaliza

Taonetsa kuti kusanja masamba potsata dziko kumagawa olankhula Cinyanja pamene ali amodzi, n'kuwaphatikiza pamene amasiyana. Makina amasanja zimene zilipo, sangakweze tsamba limene silinalembedwe. Nchito yoyamba ya aphunzitsi ndi ofufuza, tsono, ndi kuika pa intaneti zolembedwa zambiri m'kalembedwe kathu, zosonyezedwa bwino cinenero ndi dziko lake.