Mmene Amakwerera Jebel Rum Popanda Njira Yooneka

Kum'mwera kwa dziko la Jordan, chakufupi ndi malire a Saudi Arabia, kuli chipululu cha Wadi Rum. Mapiri a kumeneko amangodzuka mumchenga wofiira n'kuima njo, ndipo makoma ake amwala amatalika mamita mazanamazana. Limodzi mwa mapiri akuluakulu ndi Jebel Rum, lomwe lili kumadzulo kwa mudzi wa Rum, ndipo nsonga yake ili pamwamba kupitirira mamita 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Mlendo akaima m'munsi mwake amaona khoma lokhalokha. Kulibe chikwangwani, kulibe kanjira kopondeka, kulibe utoto wolozera pamwala. Komatu anthu a mtundu wa Bedouin okhala kumeneko, makamaka a fuko la Zalabia, akhala akukwera phirili kwa mibadwo yambiri, kale opanda chingwe, ena opanda ngakhale nsapato. Njira zawo zilipo ndithu, zili ndi poyambira, pokhotera ndi pothera, kungoti zimasungidwa m'mutu ndi m'mapazi mwa anthu.

Amene anazitulukira anali alenje. M'mapiriwa mumakhala mbuzi zakuthengo za nyanga zazitali zokhotera kumbuyo, zotchedwa ibex, ndipo mlenje ankayenera kufika kulikonse kumene nyamayi yafika. Ankatsata ndowe zake, poterera pamene ziboda zapalapasa mchenga, ndi zitsamba zimene yabudula. Pamene ibex inalumpha, munthu ankafunafuna pozungulira. Kusaka kunaletsedwa deralo litakhala malo otetezedwa, koma njira zinatsala. Mu 1949 Sheikh Hamdan, mmodzi mwa eni dera, anatsogolera akatswiri oyeza malo mpaka pansonga, ndipo mu November 1952 anakwera ndi amayi awiri ochokera ku Britain, Charmian Longstaff ndi Sylvia Branford. Kuyambira mu 1984, okwera mapiri Tony Howard ndi Di Taylor anayenda ndi eni dera n'kuyamba kulemba njirazi, ndipo zina zimadziwikabe ndi mayina a alenje amene ankazidutsa.

Luso lonse limayambira pa kudziwa mwala. Phirili lili ndi mitundu itatu ya miyala yosanjikizana. Pansi penipeni pali granite, mwala wolimba kwambiri wamtundu wodera. Pamwamba pake pali mwala wamchenga wofiirira, umene umapanga makoma oimirira odzaza ndi mabowo, mapanga ndi ming'alu. Kumtunda kwenikweni kuli mwala wamchenga wotuwa, wofewa, umene mphepo ndi mvula zaukwecha mpaka kuusandutsa timapiri tobulungira. Mtundu uliwonse umafuna kayendedwe kake, ndipo wotsogolera amasintha kapondedwe mwala ukangosintha maonekedwe.

Kusanjikizana kumeneku ndi kumenenso kumamuuza kumene kuli madzi. Mvula yochepa imene imagwa kumeneko imalowerera mumwala wamchenga n'kumatsika pang'onopang'ono. Ikafika pa granite imalephera kupyola, choncho imatulukira m'mbali, pamzere pamene miyala iwiriyi imakumana. N'chifukwa chake akasupe a ku Rum amapezeka chakumtunda kwa tsinde la phiri, pamene pamaoneka mikuyu ndi tizitsamba tobiriwira. Kasupe wa Ain Shalaaleh ndi mmodzi mwa amenewa, ndipo anthu a mtundu wa Nabataea anasema ngalande zotengera madzi ake zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Wokwera akangodutsa mzere umenewu, madzi odalirika atha. Kumtunda kumangokhala timaenje ta m'miyala timene timasunga madzi a mvula, ndipo timauma. Ndiye munthu amasenza ake. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo wotsogolera amawerengera bwino: madzi akachepa ndi ngozi, akachuluka katundu amakokera munthu kumbuyo pathanthwe. Ichi n'chimene chimachititsa kuti ulendowu uzichitika kukazizirako, cha mu March ndi April kapena October ndi November, ndiponso kuti uziyamba m'mamawa.

M'mawa muli phindu linanso. Dzuwa likamawala chopendekera, mng'alu uliwonse ndi kamwala kalikonse kotulukira kunja kamakhala ndi mthunzi, ndipo khoma limaonetsa mmene linapangikira. Masana mithunzi imafupika, zonse n'kuoneka zosalala. Wotsogolera amaima patali n'kuliwerenga khomalo. Mtengo womera pakati pa thanthwe umamuuza kuti pamenepo pali dothi, kutanthauza kuti pali popondapo kapena mng'alu waukulu. Mzere wakuda wotsika pamwala umamuuza kuti pamenepo pamadutsa madzi mvula ikagwa, choncho mwala wake ndi woterera ndipo mwina umathera paphompho. Njira imene amasankha kawirikawiri imayenda cham'mbali kwambiri kuposa chokwera. Imalowa m'khwalala, n'kutuluka, n'kutsikako pang'ono, n'kuzungulira ngodya imene wapansi sangaione. Mlenje ankafuna kufika ali ndi mphamvu zosenzera nyama pobwerera, ndiye ankasankha pofewa paliponse pamene phiri lalola.

Tsopano tiyang'ane phazi. Pathanthwe lopendekera pamene palibe chogwira, chimene chimasunga munthu ndi kukhakhala kwa mwala kokha. Wotsogolera amaponda ndi phazi lonse lathyathyathya, chidendene chili pansi, kuti mphira wa nsapato ukhudze mwala pamalo aakulu. Thupi amaliimika chilili, chiuno chili pamwamba pa mapazi, kuti kulemera kwake kukanikize phazi pamwala. Munthu wamantha amachita zosiyana. Amaweramira kuthanthwe kuti alikumbatire, ndipo akatero kulemera kumachoka pamapazi, mapaziwo n'kuyamba kutsetsereka. Wodziwa amaponya mapazi pafupipafupi, mosathamanga koma mosaimaima, maso ali patsogolo pang'ono kufunafuna pamene mwala wadikha kapena pamene padutsa kamzere kotumphuka. Asanaponde pamalo ovuta amapukuta kunsi kwa nsapato pa buluku la mwendo winawo. Kachitidwe kameneka kamatenga kamphindi chabe, koma n'kofunika zedi, pakuti timchenga tothothoka pamwala timagubuduzika pansi pa nsapato n'kuichotsa pamalo.

Manja amagwira ntchito mosamala kwambiri, chifukwa mwala wamchenga umanyenga. Kamwala kooneka kabwino kugwira kangathe kuthyokera m'manja. Wotsogolera amayamba wakagogoda ndi chikhatho. Kakamveka kuti phu, ngati kuti m'kati muli mphako, amakasiya. Amakonda pamene mwala wada n'kuchita chikhungwa cholimba, ndipo amakayikira potuwa pamene pamanyenyeka akapakhudza ndi chala. Akagwira amakokera pansi, motsata khoma, pakuti kukokera kunja ndiko kumathyola. Nthawi zambiri sakoka n'komwe. Amatsamiza chikhatho pamwala n'kudzikankhira m'mwamba, chifukwa mwala wofewa umapirira kukanikizidwa kuposa kukokedwa. Akafika pamng'alu waukulu woti munthu n'kulowamo, amatsamiza msana kukhoma lina, mapazi kukhoma linalo, n'kumadzisuntha pang'onopang'ono: manja akankhe, msana ukwere, mapazi atsatire. Posuntha chiwalo chimodzi, zitatu zimakhala zitakhazikika.

Pali malo ena amene phazi ndi dzanja pazokha sizikwanira, ndipo apa m'pamene ntchito ya alenje akale imaonekera ndi maso. Pakakhala khoma lalifupi losalala, lotalika kuposa munthu pang'ono, m'munsi mwake mumapezeka miyala yafulati itasanjikizidwa kuti munthu akwerepo n'kufikira chogwira. Pamng'alu wopanda popondera pamapezeka chipika cha mtengo wa junipa, umene umamera m'makwalala a kumtunda, chitapanikizidwa chopingasa. Mpweya wa m'chipululu ndi wouma, choncho chipika chimakhala zaka zambiri chisanawole, komabe wotsogolera amachigwedeza ndi phazi asanachisenzetse thupi lake. Chogometsa n'chakuti zowonjezerazi n'zochepa kwambiri. Munthu anaika mwala umodzi pamene panafunika mwala umodzi, ndipo kwina konse anasiya phiri mmene analipezera. Koma mwala umodziwo ukachoka, njira yonse yatsekeka.

Zizindikiro nazo n'zazing'ono. Ndi timilu ta miyala iwiri kapena itatu, timene m'Chiarabu amati rujm. Woika kamulu amasankha pamene kadzaonekere munthu ali pa kamulu kam'mbuyo, kawirikawiri pamphepete pa thanthwe pamene kamaima poyera, kumbuyo kwake kuli thambo. Amakaika pamene njira ikukhota mosayembekezeka, ndipo pamene njira ili yodziwikiratu saikapo kanthu. Wodziwa sakhulupirira kamulu kalikonse, chifukwa alendo osochera nawonso amaunjika miyala. Amakayerekeza ndi zimene akukumbukira komanso ndi mmene mwala wayendera. Pa njira ina ya kumadzulo kwa phirili pali zizindikiro zakale kuposa zonsezi: mayina ozokotedwa pamwala m'zilembo za Thamudic, umboni wakuti anthu ankadutsa pomwepo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Munthu akatuluka m'makoma ofiira n'kufika pamwala wotuwa, amaganiza kuti zovuta zatha, chonsecho apa m'pamene ambiri amasochera. Pamwamba pa Jebel Rum pali timapiri tamwala tambirimbiri, kalikonse kooneka ngati chulu chachikulu, ndipo tonse n'tofanana. Pakati pake pamadutsa mipata yakuya yopapatiza, yotchedwa siq, imene siioneka mpaka munthu atafika pamphepete pake. Nsonga ingaoneke pafupi, koma kuifika kungatenge maola. Wotsogolera amadziwa pamene siq wina wapapatiza mpaka munthu kutha kudumpha ndi phazi limodzi, pamene wina watsekeka ndi mwala wogwera m'kati, ndi pamene wina amayenera kumuzungulira mpaka kumutu kwake. Podumpha amayamba wayang'ana potera, n'kuchotsa mchenga ponyamukira, kenaka n'kudumpha kamodzi mosazengereza.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka ngati chopanda pake kwa wosadziwa. Wotsogolera akayenda pang'ono amatembenuka n'kuyang'ana kumene wachokera. Amatero chifukwa thanthwe limaoneka mosiyana munthu akamatsika. Khwalala limene linali poonekera pokwera limabisala kuseri kwa mwala pobwerera, ndipo makwalala atatu oyandikana amaoneka ofanana pamene awiri mwa iwo amathera paphompho. Ndiye iye amasunga m'mutu chithunzi cha njira yobwererera: mtengo wopindika kumanja, bowo lalikulu pakhoma, mzere wofiira mumwala wotuwa. Pofika pansonga amakhala atayenda njirayo kawiri, kamodzi ndi mapazi, kamodzi ndi maso.

Pansonga sakhalitsa. Amatola tinkhuni touma, n'kuphika tiyi wotsekemera m'kaketulo kakang'ono, anthu n'kupumula, kenaka ulendo wotsika n'kuyamba. Kutsika n'kovuta kuposa kukwera, chifukwa maso amakhala kutali ndi mapazi ndipo miyendo imakhala itatopa. Pathanthwe lopendekera wotsogolera amatsika atafulatira phiri, mawondo atapinda, zikhatho zili pamwala m'mbali mwa chiuno. Pakafika poimirira amatembenuka n'kuyang'anizana ndi khoma, n'kumasuzumira pakati pa mikono kuti aone poponda. Amatsogolako pang'ono kuti aziloza mlendo poika phazi, ndipo nthawi zina amagwira chidendene cha mlendoyo n'kuchikhazika pamalo pake.

Masiku ano otsogolera amanyamulanso chingwe, ndipo njira zina, monga yodziwika ndi dzina la Hammad kum'mawa kwa phirili, anthu amatsikira pachingwe m'malo angapo. Mwala wamchenga umafuna luso lake ngakhale pamenepa. Chingwe amachikoleka ku lamba wopisidwa m'bowo lachilengedwe limene lapyola mwala, ndipo wotsogolera amayang'ana kaye ngati dzuwa silinafooketse malamba akale amene wawapeza. Anthu onse akatsika, chingwe chimayenera kukokedwa kuti chigwe. Pamphepete pa mwala wofewa zingwe za anthu am'mbuyo zinakumba timizere, ndipo mfundo ya pachingwe ikalowa m'kamzere koteroko imakanirira. Choncho wotsika pomaliza amasuntha mfundoyo kuti ipitirire mphepete, n'kuyala chingwe posalala, ndipo wapansi amayesa kuchikoka iye asananyamuke. Kenaka amachikoka mofatsa, mosagwedeza, ataima patali ndi khoma kuti chigwe poyera.

Pamwamba pa zonsezi pali kudziwa nthawi yoleka. Mwala wamchenga ukanyowa umafooka kwambiri, choncho mvula ikagwa wotsogolera amadikira kuti uume ngakhale dzuwa litawala kale. Akaona mitambo ikuunjikana salowa mu siq, pakuti madzi ogwa pamatanthwe onse a kumtunda amathamangira m'mipata yopapatizayo n'kudzaza mwadzidzidzi. Amayang'ananso mthunzi wa phiri mmene ukutambalalira pamchenga, mayendedwe a munthu wofooka kwambiri pagulu, ndi madzi otsala m'mabotolo. Zitatuzi zikapanda kugwirizana, amabweza gulu ngakhale nsonga ikuoneka.

Luso lotere siliphunziridwa m'buku, ngakhale mabuku ofotokoza njirazi alipo. Mwana wa ku Rum amayamba kuponda mwala akuweta mbuzi m'tsinde mwa phiri, ndipo phazi lake limadziwa kupendekera kumene lingapirire iye asanathe kufotokoza. Akakula amatsata bambo ake kapena amalume ake, ali kumbuyo, akuona pamene wamkulu waponda, pamene wagogoda ndi pamene watembenuka. Amayenda njira imodzi kambirimbiri asanapatsidwe alendo. Akadzayamba kutsogolera, amapeza kuti mulu wa miyala ya popondera wasuntha ndi madzi a mvula, kapena chipika cha junipa chayamba kugwedera, ndipo amaima n'kukonza. Njira za Jebel Rum zakhalapo mpaka lero chifukwa m'badwo uliwonse wakhala ndi anthu oziyenda ndi kuzikonza motero.