Luso la Gombeza ndi Mtsamiro

Munthu akathyoka khosi, mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa mafupa a msana n'kuphwanyika, ife timangoona zoonekera: miyendo yafooka, zala sizikugwira, wayamba kuyendera njinga ya olumala. Chimene sitiona n'chakuti thupi lake lasiyanso kudziteteza ku nyengo. Inu ndi ine tikazizidwa, ubongo umalamula timitsempha ta magazi ta pakhungu kuti tifinyike, kutentha kusathawe, ndipo minofu imanjenjemera kuti ipange kutentha kwina. Kukatentha timatuluka thukuta. Malamulo onsewa amatsikira mumtsempha womwe uja. Ukaphwanyikira pakhosi, kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi uthenga sufika. Thupi limangotengera kuzizira kwa chipinda ngati madzi a mundowa, ndipo likatsika kuchoka pa madigiri 37 kufika pansi pa 35, moyo uli pachiswe.

Tsono ganizani za Juni ndi Julayi wa ku Dedza, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Kumeneko kuli mayi ena amene amuna awo anagwa pamwamba pa lole ya mbatatesi n'kuvulala khosi. Bambowa amagwedeza mapewa, amapinda zigongono, koma kuyambira pachifuwa kutsika samva kanthu. Anthu akamayamikira mayiwa amati ndi opirira, ndi achifundo. Sakunama. Koma chifundo chokha chimatha kumuotcha munthu ndi botolo la madzi otentha. Chimene chasunga bambowa ndi luso, ndipo ndi luso la anthu awiri.

Mayiwa amayamba kufunditsa dzuwa lisanalowe, chifukwa thupi losanjenjemera likazizira limatenga maola kuti lifundenso. Safunditsa gombeza limodzi lolemera. Amayamba ndi malaya a thonje, pamwamba juzi, kenako zofunda zopepuka ziwiri kapena zitatu zoti azichotsa chimodzichimodzi. Kumiyendo kwa bedi amaimika katoni kuti zofunda zisapsinje zala zakumapazi. Masokosi anawadula mphira wake kuti asamange akakolo. Kumutu chipewa cha ulusi, m'khosi mpango, poti kumtundaku n'kumene bambowa amamva, ndipo khosi likafunda mtima wawo umakhala m'malo. Kenako amawamwetsa phala lofunda, kutenthako kuyambire m'kati, koma kapu satsamiritsa pachifuwa kapena pantchafu.

Moto ndiwo mayiwa amauopa koposa chisanu. Botolo la madzi otentha amaliika pabedi bambo asanagonepo, n'kulichotsa. Mbaula amakolezera panja, amailowetsa makala atayaka bwino, zenera lili lotsegula, n'kuitulutsa asanagone. Amadziwa kuti mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha mwakachetechete, ndiponso kuti munthu wovulala khosi alibe mphamvu yotsokomola, choncho utsi ndi chimfine sizichedwa kusanduka chibayo. Mapazi sawayandikiza kumoto, pakuti phazi losamva limapsa mpaka matuza mwini wake akucheza. Ngakhale poothera dzuwa m'mawa, amayamba agwira zitsulo za njinga kuti amve ngati zatentha. Okutobala akafika ntchito imatembenuka: amanyowetsa kansalu n'kumapukuta khosi ndi mikono, madziwo agwire ntchito ya thukuta.

Chipimo chawo ndi kuseri kwa dzanja. Amakhudza bondo, phazi, mimba, kumsana, ndipo amadziwa kusiyanitsa phazi lozizira wamba ndi thupi limene layamba kutsika. Khungu la bambo linasiya kunena, dzanja la mayi n'kutenga udindowo.

Pakati pa usiku pali ntchito yotembenuza. Mwambo umenewu anaukhwimitsa ndi Ludwig Guttmann, dokotala amene anathawa ulamuliro wa Hitler ku Germany n'kutsegula wodi ya ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England mu 1944. Nthawi imeneyo ovulala msana ambiri ankamwalira msanga ndi zilonda zogonera komanso matenda a m'chikhodzodzo. Guttmann analamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, ndipo anthu amene ankayesedwa akufa kale anayamba kukhala ndi moyo. Mayiwa zoyambira anaziphunzira kwa afizo a ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, koma kutembenuza munthu mu Julayi wa ku Dedza osamuziziritsa anachita kudzipezera okha.

Savundukula zofunda zonse. Amalowetsa manja kunsi kwa gombeza, amapinda bondo lakutali, dzanja lina paphewa lina m'chiuno.

"Bambo, tikupita kukhoma."

"Tiyeni, mayi. Phewali mwaliona?"

Amagudubuza thupi lonse pamodzi, osakoka mkono, chifukwa phewa lopanda minofu yolichirikiza limaguluka msanga. Samugoneka munthu cham'mbali penipeni, pomwe fupa la m'chiuno lingadinde matiresi, koma mopendekeka pang'ono, mtsamiro uli kumsana. Wina amauika pakati pa mawondo, wina kunsi kwa akatumba kuti zidendene zilendewere osakhudza kanthu. Akatero amasalaza nsalu yoyala ndi chikhatho, pakuti khwinya limodzi kapena nyenyeswa ya buledi imakwanira kuyambitsa chilonda. Pomaliza amaunika ndi tochi ya foni pafupa la kumunsi kwa msana ndi m'chiuno. Mabuku ambiri amati muziyang'ana pofiira, koma pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka. Mayiwa amafuna malo amene ada kuposa pena, onyezimira, otentha kapena olimba akawasindikiza ndi chala. Akawapeza, mbali imeneyo sagonekeranso mpaka atabwerera mwakale. Zonsezi amazichita mwamsanga, kutentha kwa m'zofunda kusanathawe.

Chovuta koposa ndi ululu. Anthu amadabwa kumva kuti miyendo yosamva singano imatha kuwawa usiku wonse, ena mpaka amaganiza zamatsenga. Chimene chimachitika n'chakuti mitsempha yophwanyika ija imatumiza kuubongo mauthenga abodza, munthu n'kumamva ngati mapazi akuyaka moto, ngati akubayidwa ndi singano kapena kugwidwa ndi magetsi. Kuzizira kumawonjezera ululuwu, kumalimbitsanso minofu mpaka miyendo kumadumpha yokha. N'chifukwa chake kufunditsa bwino ndi mankhwala kale.

Mayiwa safunsa kuti kukuwawa kodi. Amafunsa kuti kukuwawa bwanji. Bambo akati phewa likuphwanya, amadziwa kuti ndi ululu wa minofu ndi mfundo, umene umamvera panado, kusisita ndi kusintha kagonedwe. Akati mapazi akuyaka, panado alibe ntchito. Umenewo umafuna mankhwala a mitsempha monga amitriptyline kapena gabapentin, olembedwa ndi dokotala, omwa tsiku ndi tsiku pa nthawi yake, osati podikira kuti ululu ufike pachimake. Amitriptyline amawapatsa usiku chifukwa amagonetsa, ndipo poti amaumitsa kukamwa ndi m'mimba, amaonetsetsa kuti madzi, masamba ndi papaya sizikusowa. Mankhwalawa amachepetsa ululu, sauthetsa. Wotsalawo amalimbana nawo powongola miyendo pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo, ndi wailesi, ndi anzawo obwera kudzacheza. Tsiku limene pakhomo pali bawo, bambo akuuza mwana wawo potapa ndi pogona, madandaulo a mapazi amachepa.

Powongolapo pali kena kosangalatsa. Bambowa akakweza dzanja chakumbuyo, zala zimadzipinda zokha n'kugwira supuni. Kagwiridwe kameneka kamadalira kuti minyewa ya zala ikhale yofupikirako, choncho mayiwa saongola zala dzanja lili chokweza. Wachibale wofuna kuthandiza akhoza kuziwongola mwachikondi n'kuwalanda bambo mwayi wodzidyera okha nsima.

Mbali ya bambo palusoli imaonekera kwambiri pangozi. Munthu wovulala khosi, chinthu chikamavuta kumunsi kumene samva, monga kapaipi ka mkodzo kupindika, kudzimbidwa kapena chikhadabo kulowa m'mnofu, BP imakwera mwadzidzidzi mpaka kutha kupha. Bambowa anaphunzira kuwerenga zizindikiro zake: mutu kugunda, mphuno kutseka, thukuta pamphumi ngakhale kukuzizira, tsembwe m'mikono. Akangoti, "Mayi, tayang'anani paipi," mayi safunsanso. Amawadzutsa kuti akhale tsonga, amamasula zothina zonse, n'kutsatira kapaipi ndi chala mpaka apeze popindika. Mutu ukapanda kuleka, ndi ulendo wa kuchipatala nthawi yomweyo. Mmodzi amamva koma sangathe kugwira, winayo amagwira koma sangathe kumva, ndipo aphunzira kukhulupirirana mawu.

Ngozi za pamsewu ndi za kabaza zikuvulaza makosi a anthu m'dziko muno, ndipo ovulalawo akatuluka m'chipatala amabwerera kumudzi ndi gadiyani amene sanagwirepo ntchito yotere. Mayi ngati awa ndiwo oyenera kuitanidwa kukaphunzitsa magadiyani atsopano m'mawodi, pambali pa anamwino ndi afizo. Nafenso achibale tili ndi gawo. Munthu sangadzuke maola awiri aliwonse chaka ndi chaka osagwa nayo ntchito. Amene amabwera ndi shuga ndi sopo achita bwino, koma wochita bwino koposa ndi amene angagone pakhomopo, aphunzire poika mtsamiro ndi pogwira phewa, kuti Loweruka lina mayiwa agone mpaka m'mawa, bambo ali m'manja odziwa.