Subedar Sanali Kaputeni: Ndemanga pa Mau a m'Makatalogi a Zovala za Asilikali a ku India

M'nkhani ino tifuna kusanthula cilankhulo ca m'makatalogi a amalonda amene amagulitsa zovala zosokedwa mofanizira za asilikali a ku India a m'nthawi ya atsamunda. Ogula ake ndi osonkhanitsa zinthu zamakedzana ndiponso ocita masewero a nkhondo zakale. Za kasokedwe tilibe nako mlandu. Malaya acikasu a gulu la apakavalo la Skinner's Horse, limene James Skinner analikhazikitsa mu 1803, amaoneka monga alili pa zithunzi zakale. Cimene citidetsa nkhawa ndi mau olembedwa pansi pa covalaco.

Tiyambe ndi nduwira. Kawirikawiri katalogi imangoti turban, liu limodzi, pamene pagri ya Msikh inali yosiyana ndi lungi imene Mpathani anali kuikulunga pa kapusi kosongoka kochedwa kullah. Kamangidwe ka nsaluyo kanali kuuza woona mtundu wa msilikali, cipembedzo cake ndi gulu lake. Amalonda ena amagulitsa nduwira yosokeratu, yongovala ngati cisoti; kwa Msikh, amene nduwira ndi mbali ya cikhulupiriro cake, cimeneci si cinthu cacing'ono. Liu lakuti khaki, lathu lija la kaki, licokera ku Ciperisiya khak, fumbi, kudzera m'Cihindusitani, ndipo mtunduwo unayamba kuvalidwa ndi Corps of Guides, gulu limene Harry Lumsden analiyambitsa ku Peshawar mu 1846. Pamenepa makatalogi salakwitsa kwenikweni.

Colakwa cacikulu cili pa maudindo. Subedar amamasuliridwa kuti kaputeni, jemadar kuti lefutenanti. Kumasulira kotere kumafananiza zinthu zimene boma la atsamunda linazisiyanitsa dala. Subedar, angakhale waimvi amene watumikira zaka makumi atatu, anali pansi pa ofisala wacingelezi aliyense, ngakhale mnyamata wongotsika kumene m'sitima, ndipo analibe mphamvu yolamula msilikali wacizungu. Wogula akawerenga kuti kaputeni, kusiyana konseku kumazimiririka, natsala mabatani ndi malamba.

Nkhaniyi siili kutali ndi ife. Mu 1891 Harry Johnston anabweretsa ku British Central Africa asilikali a ku India pafupifupi 70, ndipo mu 1898 Asikh anali pakati pa ankhondo amene anagonjetsa Angoni a Mpezeni kufupi ndi kumene kuli Chipata lero.

Nanga m'Cinyanja subedar timuche ciani? Ife tiona kuti kapitao, liu limene tinabwereka ku Cipwitikizi, liyandikira tanthauzo koposa kaputeni, popeza kwa Mnyanja kapitao ndi woyang'anira anzake amene iye mwini ali pansi pa bwana. Cofooka cake ndi cakuti limacepetsa ulemu umene subedar anali nao pakati pa asilikali ake, amene anali kumupatsa sawasha ndi kumuchula kuti sahib.